Nandau Adakali Pakhomo

Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi
Nandau chiimire pakhomo paja,
dzanja pachitseko, tochi m'kamwa,
mvula imene ndinamugwetsera ine mwini
ikumuyenderera m'khosi.
Sangalowe. Nyumbayo si yanga.
Nyumba ndi ya Gwaza, pamodzi ndi munthu ali m'katimo,
ndipo Gwaza anagulitsa foni pa Tsangano
kuti akwanitse ya basi ya ku Joni.

Tinkatero ife: ine ndime, iye ndime,
ngati bawo, wina akatakata mnzake adikire.
Nkhope yake sindinaionepo.
Ndimangodziwa kuti ankalemba usiku, atatsuka chiwaya,
ndi kuti anthu ake onse ankatsokomola asananame.

Masana ndimagulitsa mayunitsi pa Lizulu,
pansi pa ambulera yothyoka nthiti ziwiri,
kumbuyo kwanga milu ya kabichi,
tsidya la msewu Mozambiki.
Nandau ndi wapolisi wofufuza milandu. Ine ayi.
Iye amayankha mabwana mwamwano, osaphethira;
ine ndimati zikomo
ngakhale kwa wondipatsa ndalama yomata ndi selotepi.

Ndiye ndinalengeza kuti ndikufuna wolemba naye.

Woyamba ndinamuyalira zonse,
fungo la palafini, galu wotsimphina,
ndi zenera lotsekedwa ndi katoni ya sopo.
Iye: "Kenako?"
Ndinawonjeza. Iye: "Kenako?"
Ngati ndine wailesi.

Wina anafika ndi mfuti zisanu,
mboni zonse n'kuzipha tiyi wanga asanazizire.
Wina anati, "Uli pabanja? Tumiza chithunzi."
Ndinamutumizira cha kabichi.

Amene anandipweteka ndi wachinayi,
chifukwa kulemba ankakudziwa, ndisaname.
Koma analowa m'kamwa mwa Nandau,
kumuliritsa, kumugwaditsa m'matope,
kumunenetsa kuti pepani.
Nandau sapepesa.
Ndinamulera zaka ziwiri pafoni yosweka galasi,
ndiye ubwere iwe dzulodzuloli
umusankhire misozi?

Sindifuna zambiri ine.
Munthu woti ndikamuponyera mwala aubweze uli wotentha.
Wakuti bandulo ikamuthera azinena,
osangozimirira ngati magetsi a Lachiwiri.
Zilembo aziphonya, zilibe kanthu,
nanenso chala changa chimaterera kukazizira.

Usiku wa dzana nkhungu inatsika m'phiri
n'kumeza malole onse a mbatatesi.
Netiweki inathawira tsidya lija, monga mwa khalidwe lake,
ine n'kukwera pachulu kuseri kwa bafa
nditafunda bulangete, dzanja m'mwamba
ngati mwana wodziwa yankho.
Foni inanjenjemera.

Dzina lake akuti Tsilizani,
mlonda wa pamalo ochekera matabwa ku Dedza,
kaya ndi zoona, kaya nayenso ndi munthu wolembedwa.
Sanafunse zaka zanga.
Anafunsa kuti, "Mvulayo ndi ya mwezi uti?
Nanga Nandau amaopa chiyani,
kuti ndisachikhudze musanandilole?"

Ndinakhala pansi, pachulu pomwepo, chiswe chili apo.
Zaka ziwiri, palibe anandifunsapo zimenezo,
ngakhale Gwaza.
Ndinati ndi ya Febuluwale, ya njala.
Ndinati amaopa kupeza munthu womudziwa.

Panadutsa lole imodzi, kenako njinga yopanda nyali.
Mame anandilowa m'patapata.

Ndipo anabweza:
"Chitseko sichinakhomedwe.
M'katimo wina akuuzira tiyi,
koma makapu patebulo ndi awiri."

Basi. Anaimira pomwepo.
Sanamukankhe Nandau, sanamugwire dzanja.
Anangosiya mpata wokwana phewa la munthu.

Gwaza, kulikonse kumene wagona,
nyumba yako ndabwereketsa, usandide.
Ukadzapeza foni udzapeza mipando itasuntha.

Batire yatsala pang'ono, chala chauma,
mawa ndi tsiku la msika, ndiyenera kulawirira.
Komabe taimani ndilembe:
Nandau achotsa tochi m'kamwa,
apukuta mapazi,
ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire m'foni muno,
aodira.